Zenera pa Bulauzi ya Nachanza

Nangondo anali akusita bulauzi ya mnzake Nachanza pamene mlengezi wa mfumu anatulukira pamphambano ndi njinga yake yopanda mabuleki. Linali Lachiwiri m'mawa. Simbi inali itatentha bwino, makala ali psuu mkati mwake, ndipo Nangondo anali atamaliza kolala, akulowera pachifuwa pomwe panali timaluwa titatu tabuluu tosokedwa pamanja.

"Tamverani, anthu a dziko la Zilibwino! Tamverani tsamba latsopano!"

Mlengeziyo ankaimitsa njinga ndi chidendene, choncho anapitirira mphambano n'kukaima m'munda wa chinangwa wa eni. Nangondo anakhazika simbi pomwe ankayesa kuti pali njerwa, n'kuthamangira kumsewu.

Chimene chinkathamangitsa mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi ngati mtsikana chinali Buku. Dziko lija kale linkatchedwa Tidzaona, ndipo linali dziko ngati maiko ena: mvula inkachedwa, mbuzi zinkadya za eni, anthu ankayambana n'kugwirizananso. Koma chaka china kalipentala wokonza tebulo la kunyumba yachifumu anapeza kuti mwendo umodzi wa tebulolo unatsamira pa buku lakale, lolembedwa zaka mazana anayi zapitazo ndi munthu wina wa kutsidya kwa nyanja yamchere. Bukulo linkasimba za dziko lotchedwa Kuseri, komwe zonse zinali bwino. Chiswe chinali chitadya chikuto ndi masamba oyambirira, n'kuboolaboola ena a mkati. Atamuwerengera Mfumu Sindilakwa Wachitatu zotsalazo, mfumuyo inagwetsa misozi, inasintha dzina la dziko kukhala Zilibwino, ndipo inalamula kuti Lachiwiri lililonse tsamba limodzi la Buku lizisanduka lamulo. Tebulo lija linatsala likugwedera, koma panalibe wolitchula.

Tsamba lachisanu ndi chiwiri linati ku Kuseri kulibe chipatala, chifukwa kulibe matenda. Nduna zinaona kuti nzeru yake ndi yapafupi. Zinatseka chipatala, ndipo kuyambira tsiku limenelo sikunamvekenso zoti wina wagonekedwa. Tsamba lakhumi linati nyumba za ku Kuseri zilibe zitseko, chifukwa kulibe akuba. Zitseko zonse za m'dziko zinazulidwa n'kukaunjikidwa kuseri kwa nyumba yachifumu, komwe zinabedwa sabata yomweyo. Mbuzi zinalikonda kwambiri tsamba limeneli. N'chifukwa chake Lachiwiri likafika munthu ankathamanga, kuti adziwe msanga chomwe ataye sabata imeneyo.

"Tsamba la makumi awiri ndi atatu!" anakuwa mlengezi, ataimirira pakati pa chinangwa. "Buku likuti ku Kuseri sikumveka munthu akupepesa mnzake, pakuti kumeneko palibe wolakwira mnzake. Choncho mfumu yathu, mwini dziko, yalamula kuti kuyambira lero kupepesa kwatha. Wopezeka akupempha chikhululukiro, kaya kwa mkazi wake, kaya kwa apongozi, kaya kwa galu amene wamuponda mchira, ndiye kuti akunena kuti muno muli cholakwa. Ndipo popeza muno mulibe wolakwa, munthu woteroyo adzalengezedwa kuti kulibe. Osamupatsa moni, osamugulitsa kanthu, osamuona!"

"Nanga chinangwa changa mwathyolachi?" anafunsa mwini munda.

Mlengezi anatsegula pakamwa, anakumbukira lamulo, anatsekanso. "Chinangwa chanu chagona pansi ndi chimwemwe, bambo."

Amuna ena anaomba m'manja kuposa masiku onse. Mmodzi anafunsa ngati lamuloli likubwerera m'mbuyo mpaka Loweruka lapitalo.

Nangondo anamva fungo asanafike pakhomo. Simbi inali itakhala pachifuwa pa bulauzi, phee, ngati nkhuku yofungatira mazira. Ataitukula, timaluwa titatu tija tinapita nayo. Panatsala bowo lofanana ndi simbi yeniyeniyo, losongoka kumwamba, m'mbali mwake muli bii.

Sinali bulauzi wamba. Anaisoka Enelesi, mwana yekhayo wa Nachanza, chaka chomwe anamwalira. Nachanza sanaivalepo. Inkakhala m'sutikesi, ndipo kamodzi pachaka ankaitulutsa kuti ichapidwe ndi kusitidwa. "Ndidzavala popita," ankatero, "kuti mwana wanga akandizindikire." Panalibe wina amene ankaloledwa kuigwira koma Nangondo yekha, chifukwa Nangondo ndiye ankasita mikanjo ya nduna, ndipo m'zaka makumi atatu za ntchitoyo anali asanawotchepo ngakhale kampango.

Nyumba za amayi awiriwa zinali zoyang'anana, ndipo onse anali amasiye. Wina akayatsa moto, mnzake ankadzapala. Mwamuna wa Nangondo atamwalira, Nachanza anamutungira madzi mwezi wathunthu, n'kumangosiya ndowa pakhonde osagogoda. Tsopano makutu a Nachanza anali atatseka, moti polankhula naye munthu ankakuwa ngati akuitana wina wa kutsidya kwa dambo.

Nangondo anagwada pafupi ndi mphasa yositirapo n'kupemphera. Kenako ananyamula bulauzi kuti akanene. Atafika pakhomo pake popanda chitseko paja, anaona msilikali Gwedeza atakhala kale pachitsa pamphambano, kope ndi pensulo m'manja, kudikira opepesa. Nangondo anabwerera, n'kubisa bulauzi pansi pa mtanga wa zovala.

Mantha analipo ndithu. Koma pansi pa manthawo panali kampumulo, ndipo Nangondo mwini sankamubisira Mulungu wake zimenezi. Lamulo linali litamutseka pakamwa pomwe iye ankafuna kale kuti patsekeke.

M'mawa mwake anaphika phala la nsinjiro, anathiramo kashuga komwe ankasungira Khirisimasi, n'kuwolotsa nalo msewu.

"Bulauzi ija yauma?" anafunsa Nachanza.

"Ikuuma!" anakuwa Nangondo.

Anaphikanso tsiku lotsatira, ndi linzakelo. Patapita mwezi Nachanza anafunsanso.

"Ikuuma!"

"Mwezi wonse?"

"Dzuwa la masiku ano n'lofooka!"

Unali mwezi wa Okutobala, nkhuku zikuyenda zitayasamula milomo. Nachanza anayang'ana kunja, anayang'ana mnzake, n'kupitiriza kudya phala.

Dziko linazolowera lamulo latsopanoli monga linazolowerera ena aja. Mumsika wa Tsitsaniko, munthu akaponda mnzake ankati, "Phazi lanu lakhala bwino pansi pa langa," ndipo wopondedwayo ankayankha kuti zikomo, mano ali gwa. Kutchalitchi, pemphero likafika pa mawu opempha chikhululukiro, mpingo wonse unkatsokomola pamodzi, abusa akutsogolera. Pamaliro anthu ankangogwirana chanza n'kuyang'ana pansi, chifukwa asilikali sankasiyanitsa kupepesa maliro ndi kupepesa mlandu. Mabanja angapo anatha mwakachetechete, onse mosangalala.

Woyamba kulengezedwa kuti kulibe anali aphunzitsi Kadzakumanja, nkhalamba yomwe inkadziwa chinenero cha Buku ndipo ndiyo inawerengera mfumu. Tsiku lomwe lamulo linatuluka, anaimirira pakati pa msika, anavula chipewa n'kuti, "Anthu inu, ndikhululukireni, ndine ndinawerenga." Kuchokera pamenepo ankakhala pansi pa mtengo wa mango kumapeto kwa msika, osaoneka. Chodabwitsa n'chakuti amayi ogulitsa mbatata ndi tomato anayamba kukhala ndi manja oterera. Aliyense akamadutsa pamtengopo kenakake kankagwa m'dengu, ndipo mwini wake sankatembenuka. Amene anali ndi funso ankafunsa mtengowo, poti panalibe lamulo loletsa kulankhula ndi mitengo.

Tsiku lina Nangondo anaima pamenepo n'kuyang'ana nthambi.

"A mtengo, mwadzuka bwanji?"

"Mtengo wadzuka, mayi, koma msana," anayankha aphunzitsi.

"A mtengo, inu munawerenga zambiri. Ku Kuseri kuja, munthu akawononga chinthu cha mnzake amatani?"

"Ku Kuseri kulibe munthu, mayi. Kulibe ndi mbuzi yomwe. Bukulo ndi nthano yopeka. Zinalembedwa pa tsamba loyamba lija chiswe chinadya, ndipo amene anawerengapo mabuku akale amadziwa. Ndinawauza a Ndamvakale, nduna yosunga Buku. Anati amva kale."

"Nanga munthuyo analemberanji zabodza?"

"Anali ndi mfumu yake yovuta, ndipo sakanatha kuiuza pamaso. Ndiye anapeka dziko labwino kuti mfumuyo ikawerenga ichite manyazi. Sinachite. Koma chiyambire pamenepo bukulo layenda m'maiko ambiri. Ena aliwerenga n'kumanga sukulu, ena aliwerenga n'kumanga ndende, onse akuti akutsatira buku lomwelo. Mafumu amakonda masamba osafuna thukuta. Tsamba lachinayi limati ku Kuseri aliyense amadya n'kukhuta, ndipo mfumu imadya pomaliza. Munalimvapo likulengezedwa?"

"Ayi."

"Akuti linamatirana ndi lachisanu."

Nangondo anasuntha dengu pamutu, ndipo mbatata ziwiri zinagwa.

"Nanga ine nditani, a mtengo?"

"Mtengo sulangiza, mayi. Chokhacho ndingakuuzeni, chiyambire kukhala kulibe ndimagona tulo."

Mvula yoyamba itagwa, Nachanza anayamba kutupa miyendo ndi kupuma movutikira. Popeza matenda kunalibe, ankatchedwa kuti akupumula. Nangondo ankamusambitsa, ankamuchapira, ankathamangitsa mbuzi m'nyumba, ndipo phala silinaphonye tsiku. M'mawa wina Nachanza anaika supuni pansi.

"A Nangondo, ulendo uja wayandikira, ndikuumva m'mafupa. Bulauzi ija mubweretse, youma kapena yonyowa."

Nangondo anayang'ana kunja. Gwedeza anali pachitsa pake, masitepe khumi okha kuchokera pakhomo lopanda chitseko. Anawerama mpaka milomo yake inakhudza khutu la mnzake.

"A Nachanza," ananong'ona, "ndinalakwa."

"Mwati chiyani?"

"Ndati ndinala..."

"Kwezani mawu, mayi, mukundithira mpweya m'khutu!"

Gwedeza anadzutsa mutu. Nangondo anaona pensulo ikutembenuka m'zala zake.

"Ndati phala lizizira!"

"Osakuwa chonchi, ndamva," anatero Nachanza, n'kutolanso supuni.

Lachisanu linali tsiku lokapereka mikanjo kunyumba yachifumu. Nangondo anakulunga bulauzi ija m'chitenje n'kuiika pansi pa mtolo, poganiza kuti telala wa mfumu angathe kuphimba bowolo mwanjira ina. Anapeza bwalo lili mkati. Mfumu inali pampando wake, itagwirizitsa tebulo ndi bondo kuti lisagwedere. Kudzanja lamanja kunali a Ndamvakale atafungatira Buku. Kumanzere kunali a Sekanitu, nduna ya chimwemwe, omwe ankamwetulira ngakhale poyetsemula. Nkhani ya tsikulo inali ya dzenje lalikulu lomwe linatseguka pamsewu wa kumsika n'kumeza ngolo. Bwalo linali litangogamula kuti ndi chitsime, ndipo linkakambirana tsiku lokachitsegulira.

Nangondo anagwada kukhomo, anaomba m'manja, n'kumasula mtolo. A Sekanitu sanadikire. Anasolola mkanjo wawo, womwe unali pansi pa inzake, ndipo chitenje chija chinatuluka nawo n'kumasuka. Bulauzi inagwa pakati pa bwalo, chagada, bowo lili poyera.

Maso onse anagwera pabowolo.

"Ichi n'chiyani?" inafunsa mfumu.

Aliyense ankaona kuti ndi bowo lopsa ndi simbi. Koma kutero kunali kunena kuti wina walakwitsa, ndipo wonena zimenezo akanatsatira aphunzitsi kumtengo wa mango. Nangondo anaweramitsa mutu, akupemphera chamumtima kuti Mulungu amupatse mawu kapena amutengere lilime. A Sekanitu anamwetulira mpaka thukuta linatsikira m'mano.

A Ndamvakale anatsegula Buku mwachangu, akutembenuza masamba omwe sankatha kuwawerenga. Mwadzidzidzi anaima pa tsamba lina lomwe chiswe chinaliboola pakati. Analitukula m'mwamba.

"Mwini dziko, taonani! Buku lenilenilo lili nalo!"

Mfumu inasuzumira pabowolo. "Ndikukuonani, a Ndamvakale."

"Ndi zenera limenelo, mfumu. Apa Buku silinalembe ndi mawu, latiwonetsa ndi chitsanzo. Ku Kuseri zovala zili ndi mazenera pachifuwa, kuti mtima uzioneka, poti kumeneko palibe chobisa. Mayiyu waona zimene ife ophunzira tinaziphonya."

"Ine ndinali nditaziona," anatero a Sekanitu. "Ndinkangodikira nthawi yake."

Mfumu inaimirira ndi chisangalalo, ndipo tebulo linapendekeka n'kutaya madzi pamiyendo ya nduna zitatu, zomwe zinathokoza. Pomwepo panatuluka lamulo lakuti aliyense wokonda dziko lake avale zenera pachifuwa. Nangondo anapatsidwa udindo wa Wotsegula Mazenera Wamkulu. Ndipo itafunsa kuti bulauziyo ndi ya yani, mfumu inati pa Tsiku la Buku, Lachiwiri la sabata yachiwiri kuchokera tsikulo, idzapita yokha pamachila kukaona zenera loyamba likuperekedwa kwa mwini wake, mayi wamwayi Nachanza.

"Inu mudzangogwada," anamuuza a Ndamvakale potuluka, "n'kunena kuti: Landirani zenera loyamba la Zilibwino. Basi. Kenako mfumu idzakuvekani mendulo."

Masiku otsatirawo pakhomo pa Nangondo panali mzere wofika kumsika. Mayi amene zaka makumi atatu sanawotchepo kampango tsopano ankawotcha mikanjo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo asanaike simbi pa uliwonse ankatsinzina kaye pang'ono. A Sekanitu anabweza mkanjo wawo kawiri, ati zenera la a Ndamvakale linali lalikulupo. Nduna ya zamisewu inafuna awiri, kutsogolo ndi kumbuyo. Nduna ina, pofuna kuposa anzake, inaumirira kuti zenera litsegulidwe mkanjo uli m'thupi, ndipo inanyamulidwa kupita kwawo kukapumula. Mzinda wonse unkanunkha nsalu yopsa. Anthu osauka omwe malaya awo anali obooka kale anadzuka tsiku lina ali patsogolo pa fasho.

Gwedeza naye anabwera ndi yunifolomu yake. Poilandira anayang'ana nyumba ya Nachanza, kenako pansi.

"Mayi, ine makutu anga si abwino kwenikweni," anatero motsitsa. "Zonong'ona sindimva. Koma zokuwa, ndikapanda kulemba, ena amva n'kundinenera ine."

Nangondo anamvetsa, ndipo anamuthokoza. Koma zonong'ona Nachanza nayenso sankamva.

Njira inali yotseguka tsopano, yosalala. Akanangopereka bulauziyo pamaso pa mfumu, bowo likanakhala ulemu, bodza la miyezi itatu likanakhala kukonzekera mwambo, ndipo Nachanza akanapita atavala chovala chotchuka m'dziko lonse. Nangondo anayesa mawu a a Ndamvakale aja akukolezera makala. Anatuluka bwinobwino. Atayesa kupemphera, pemphero ndilo linakana kutuluka. Anangokhala chogwada mpaka makala anazima.

Tsiku la Buku linacha bwino. Asilikali anatulutsa Nachanza n'kumukhazika pakhonde atatsamira khoma, miyendo yotupa ija ataifunditsa chitenje kuti mfumu isaone kupumula kwake. A Sekanitu anafika msanga kudzayesa kumwetulira kwa anthu, mzere ndi mzere. Kenako kunamveka ng'oma, ndipo machila anatulukira, atazungulira chitsime cha pamsewu chija. Nduna zonse zinali ndi mazenera, ena oonetsa tsitsi la pachifuwa, ena mphini za kwa sing'anga. Kumbuyo kwa khamu kunali malo opanda munthu, okwana munthu mmodzi, ndipo pamalopo panaima aphunzitsi Kadzakumanja chipewa chili m'manja.

Nangondo anawoloka msewu atanyamula bulauzi m'lichero latsopano, yopindidwa bwino. Anagwada pamaso pa mnzake. Nachanza anaitenga n'kuifunyulula pamiyendo pake. Chala chake chinayenda m'mbali mwa bowo, pang'onopang'ono, kuzungulira konse. Kenako chinalowa pakati, pomwe panalibe nsalu, ndipo chinagunda m'malere katatu, pamalo pomwe panali kaduwa koyamba, kachiwiri, kachitatu.

"Nenani mawu aja, mayi," ananong'ona a Ndamvakale. Mendulo inali kale m'manja mwa mfumu.

"Landirani," anayamba Nangondo motsitsa, "landirani zenera..."

"Mwati chiyani?" anafunsa Nachanza, atapendeketsa mutu.

Nangondo anayang'ana chala chija, chomwe chinali chidakali m'bowo. Anakoka mpweya wonse umene chifuwa chake chikanatha kunyamula, monga ankachitira poitana mnzakeyu kuchokera kuchitsime.

"Ndati si zenera ili! Ndi bowo! Ndinawotcha ndine, a Nachanza! Ndinasiya simbi pamaluwa a Enelesi n'kuthamangira nkhani za kumsewu! Ndakunamizani miyezi itatu kuti ikuuma, pomwe inali pansi pa mtanga! Ndinaopa lamulo, koma ndinaopa kwambiri nkhope yanu! Ndikhululukireni!"

Mawuwo anakafika mpaka kumsika. Ng'oma inaleka. Mbuzi yomwe inali m'nyumba mwa Nachanza inasuzumira pakhomo ikutafuna kenakake.

"Mayi ameneyu kulibe!" anakuwa a Ndamvakale. "Kulibe, ndipo sanakhaleko!"

Khamu lonse linayang'ana kumwamba, monga mwa lamulo. Gwedeza anatsegula kope kuti alembe, koma pensulo inamupulumuka n'kugwera muudzu, ndipo anayamba kuifunafuna mbali ina, kutali ndi komwe inagwera.

Mfumu inaweramitsa mutu n'kuyang'ana zenera la pachifuwa pake, lomwe linali lalikulu kuposa onse.

"Ngati mayiyu sanakhaleko," inafunsa pang'onopang'ono, "mazenera athuwa anatsegula ndani?"

"Anatseguka okha, mwini dziko," anayankha a Sekanitu. "Ndi chimwemwe."

Mfumu inagwedeza mutu movomereza, koma dzanja lake linakwera n'kuphimba pachifuwa.

Nachanza yekha ndiye sanayang'ane kumwamba. Anagwira dzanja la Nangondo, dzanja lokhala ndi zipsera za makala, n'kulikoka.

"Ndamva," anatero, ndi mawu okweza a munthu wosadzimva yekha. "Ndinadziwa tsiku lomwelo. Makutu ndiwo anafa, mphuno zili moyo. Fungo linalowa m'nyumba muno lisanafike n'komwe kwa inu, chitseko kulibe. Nkhaniyo yatha, mayi. Enelesi adzandizindikira ndi kolalayi, ankasoka mokhota chonchi yekha. Tandivekani."

"Mayi!" anakuwa a Ndamvakale. "Mukulankhula ndi munthu yemwe kulibe!"

"Akuti chiyani awo obooka malayawo?"

Panalibe amene anamubwerezera. Nangondo anamulowetsa manja m'bulauzi, limodzi kenako linzake, n'kumanga mabatani omwe anatsala, misozi ikugwera pazala zake. Bulauziyo inamukwana ngati yasokedwa dzulo.

"Tsopano khalani apa, tikhale kulibe tonse awiri," anatero Nachanza, akusendera pang'ono pamphasa. "Inenso ndili ndi yanga. Ndinakwiya sabata imodzi, osanama. Kenako mkwiyo unatha. Koma phala linali litayamba kubwera, la nsinjiro, la shuga. Ndinkakuonani mukuonda ndi nkhaniyi tsiku ndi tsiku, maso akulowa mkati, ine ndikunyambita supuni. Ndinkafunsa dala ngati yauma. Ndikanakumasulani ndi mawu amodzi okha, koma ndinaopa kuti phala lisiya."

Kumbuyo kwa khamu, pamalo popanda munthu paja, wina anaseka. Gwedeza anali adakali chogwada muudzu, mapewa akugwedera. Nduna zinayang'anitsitsa mitambo.

Nachanza anawongola msana pakhoma, anakonza kolala yokhota ija, ndipo anakweza mawu kuposa mlengezi wa mfumu.

"A Nangondo, mnzanga, ndakudyerani phala lanu miyezi itatu ndi mtima wokhota. Ndikhululukireni!"